ANA AANG'ONO NAWONSO NDI ENI DZIKO

Kalata ya bungwe la Mpingo loona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino, yopita kwa akhristu onse ndi anthu onse akufuna kwabwino, pa nkhani ya sukulu za mmera mpoyamba





MAU OYAMBA

1. Nthawi zambiri tikamakulemberani za kayendetsedwe ka dziko lathu, timakamba za zisankho, za ziphuphu ndi katangale, za njala ndiponso za kukwera mitengo kwa zinthu. Lero tikukulemberani za gulu la nzika limene silivota ndipo silingathe kukapereka madandaulo ake ku Nyumba ya Malamulo. Tikunena ana osakwana zaka 6, amene nthawi yawo yoyamba Sitandade 1 isanakwane. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa iwowa pafupifupi 2.6 miliyoni adali ana osakwana zaka 5.

2. Mau athu ndi awa: maboma onse amene alamulira dziko lino asiya udindo wophunzitsa ndi kusamalira ana amenewa m'manja mwa midzi yosauka ndi amayi osalipidwa. Zotsatira zake n'zakuti chiyambi cha moyo wa mwana chikudalira thumba la makolo ake. Ife tikuti kumeneku ndi kusowa chilungamo, ndipo ndi nkhani ya ulamuliro imene atsogoleri athu ayenera kuyankhapo, monga momwe amayankhira pa nkhani ya feteleza kapena ya mankhwala m'zipatala.

ZIMENE TIKUONA M'MIDZI NDI M'MATAUNI

3. Madokotala ndi akatswiri a zamaphunziro amagwirizana kuti ubongo wa munthu umakula mofulumira kwambiri m'zaka zoyambirira za moyo, makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuwerengera kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Mwana amene wasowa chakudya choyenera pa nthawi imeneyi, ndipo m'zaka zotsatira wasowa womuyankhula, womuyimbira ndi womuseweretsa, amafika ku pulayimale atatsalira kale. Makolo athu adazidziwa zimenezi kalekale, n'chifukwa chake adatisiyira mau akuti mmera mpoyamba.

4. Nanga mmera wa dziko lathu uli bwanji? Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2010 adapeza kuti ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 adali opinimbira. Wa mu 2015 ndi 2016 adapeza ana 37 mwa 100. Chiwerengerocho chidatsika ndithu, komabe chidali chikadali choposa mwana mmodzi mwa atatu. Kafukufuku wina amene ofesi ya boma yoona za chiwerengero idachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana a zaka 3 ndi 4, pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu ndiye ankapita ku sukulu ya mmera mpoyamba. Ena onsewo adali pakhomo, pamsana pa achemwali awo, kapena kumunda ndi kumsika pamodzi ndi amayi awo.

5. Ngakhale iwo amene amapita kusukuluzi, tiyeni tifunse kuti amapita kotani. Anthu 84 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumidzi, ndipo kumeneko sukulu ya mkaka ndi malo aja timawatcha CBCC, amene anthu a m'mudzi amawayambitsa ndi kuwayendetsa okha. Inu nomwe mukuwadziwa bwino. Ena ndi nyumba zabwino zimene mabungwe adamanga, koma ambiri ndi zisakasa zofolera ndi udzu, makonde a matchalitchi kapena mthunzi wa mtengo wa mango. Nthawi zambiri palibe chimbudzi choyenera msinkhu wa ana, madzi abwino ali kutali, ndipo zoseweretsa ndi zimene alezi adaumba ndi dothi kapena kusoka ndi nsanza. Phala limadalira chimanga chimene makolo asonkha kapena chimene chakololedwa m'munda wa komiti. Ikafika miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, phala limasowa, ana amasiya kubwera, alezi amapita kukagwira ganyu, ndipo sukulu imatsekedwa pa nthawi yomwe ana akuifuna koposa.

6. M'matauni a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba zinthu n'zosiyana. Kumeneko sukulu za mkaka ndi malonda. Mwana wa munthu wopeza bwino amalowa ali ndi zaka 2 kapena 3, amakhala pa mpando, amagwira pensulo ndi buku, amadya nthawi yake. Mwana wa mlonda kapena wa mayi wogulitsa mandasi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Mchengautuwa amatsekeredwa m'kachipinda kopanda mawindo pamodzi ndi anzake ochuluka, kapena amangoyendayenda m'makwalala. Ana awiriwa onse ndi Amalawi ndipo Malamulo Aakulu a dziko amawaona chimodzimodzi. Koma podzafika zaka 6, wina adzakhala akuzindikira malembo ndi manambala pamene mnzake asanagwirepo choko.

7. Mtengo wa kusiyana kumeneku timaulipira ku pulayimale. Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chimenechi chidali chinthu chabwino ndipo tikuchiyamikirabe. Koma kufikira lero, m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amakumana ndi ana oposa 100, ambiri mwa iwo asanakhalepo m'kalasi, ena ali ndi njala, ena ali aang'ono kwambiri chifukwa makolo adasowa kowasiya. N'zosadabwitsa kuti ana ochuluka amabwereza kalasi imeneyi, ena n'kutaya mtima n'kusiyira panjira. Kafukufuku wa mu 2019 ndi 2020 uja adapezanso kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankatha kuwerenga ndi kumva kankhani kapafupi. Dziko limalipira kawiri kapena katatu malo a mwana mmodzi m'kalasi imodzi, chifukwa chokana kulipira chaka chimodzi chomukonzekeretsa.

MALONJEZO AMENE DZIKO LATHU LIDAPANGA

8. Sitinganene kuti atsogoleri athu sakuzidziwa izi, pakuti malonjezo adalembedwa ndipo adasainidwa. Mu 1991 Malawi adavomereza Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana, ndipo mu 1999 adavomereza pangano la maiko a mu Africa pa nkhani yomweyi. Gawo 25 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa maphunziro kwa munthu aliyense, gawo 23 limateteza ufulu wa ana, pamene gawo 13 limaika kakulidwe kabwino ka ana pa mndandanda wa mfundo zimene boma liyenera kulondola. Ku Dakar mu 2000 maiko adaika chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono kukhala cholinga choyamba cha maphunziro a anthu onse. Mu 2003 dziko lathu lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya mmera mpoyamba, ndipo idaunikidwanso mu 2017. Mu 2015 tidagwirizana ndi maiko ena kuti pofika 2030 mwana aliyense azikhala ndi mwayi wa maphunziro okonzekera pulayimale. Mu 2022, ku Tashkent, maiko adagwirizana zoyesetsa kuti K10 pa K100 iliyonse ya ndalama za maphunziro izipita ku maphunziro a ana aang'ono. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, nawonso amatchula nkhaniyi.

9. Mapepala tili nawo okwanira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la Maphunziro la mu 2013 lidalamula kuti mwana aliyense azipita ku pulayimale, koma silidapatse mwana wa zaka 4 kapena 5 chinthu chimene kholo lake lingaimirirepo n'kunena kuti ichi ndi choyenera mwana wanga. Kwa zaka zambiri nkhani ya mmera mpoyamba yakhala pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha ana, umene umalandira ndalama zochepa, pamene aphunzitsi, makoleji ndi ndalama za maphunziro zili ku Unduna wa Zamaphunziro, ndipo za kadyedwe zili ku zaumoyo. Mwana mmodzi wagawidwa pakati pa maofesi atatu, ndipo zinthu zikavuta aliyense amaloza mnzake chala.

ZIFUKWA ZIMENE TIMAUZIDWA

10. Chifukwa choyamba chimene timauzidwa n'chakuti ndalama palibe. Tikudziwa kuti dziko lathu ndi losauka, kuti ngongole zatilemera, kuti namondwe Freddy adaononga zambiri mu Malichi 2023, ndiponso kuti kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Koma ndondomeko ya zachuma imaonetsa zimene atsogoleri amaziika patsogolo. Dziko limene limapeza ndalama za magalimoto odula, za maulendo osatha ndi za misonkhano ya kunyanja silingauze mwana kuti ndalama ya phala lake yasowa. Sitidaiwale kuti mu 2013, m'miyezi 6 yokha, ndalama pafupifupi K24 biliyoni zidabedwa m'boma pa nkhani ya Cashgate. Tsiku limene ndalamazo zinkatuluka, palibe adanena kuti thumba la boma lauma.

11. Mu 2025 boma lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 ophunzira a m'sukulu za boma za sekondale asamalipire fizi. Ife tikukondwera ndi chilichonse chopeputsa mtolo wa makolo. Komabe tikufunsa kuti: ndi ana angati amene adzafike ku Fomu 1 ngati ambiri akulephera kuwerenga ku Sitandade 3? Mmisiri wanzeru akamakhoma malata amayamba waonetsetsa kuti maziko ndi olimba. Ngati dziko lapeza njira yothandizira wa zaka 14, lipezenso njira yothandizira wa zaka 4.

12. Chifukwa chachiwiri n'chakuti kulera mwana ndi udindo wa makolo. Zimenezi n'zoona, ndipo Mpingo ndiwo umaziphunzitsa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha zamaphunziro cha mu 1965, udaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Koma chikalata chomwecho chidaphunzitsanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo kuti boma liyenera kuthandiza makolo pa ntchito imeneyi. Mayi amene amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, kukalima, kukatola nkhuni ndi kukafuna ndiwo sadakane udindo wake. Agogo amene akulera adzukulu amasiye sadakane udindo wawo. Udindo wa makolo usasanduke pobisalira boma.

13. Chifukwa chachitatu n'chakuti tiyenera kulimbikitsa mtima wodzipereka. Apa tiyenera kulankhula mosabisa. Alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, ambiri mwa iwo amayi, akhala akugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri popanda malipiro. Malo amenewa adachuluka m'zaka za m'ma 1990, pamene mliri wa Edzi udasiya ana ambiri amasiye, ndipo amayi a m'midzi ndiwo adaimirira. Amene adachita mwayi adalandira maphunziro a masabata awiri, ambiri sadaphunzitsidwe n'komwe. M'zaka zaposachedwa boma lidayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, ndipo tikuyamika, koma olandira ndi ochepa poyerekeza ndi onse ogwira ntchitoyi. Palibe nduna, phungu kapena mlembi wamkulu wa unduna amene amagwira ntchito yake mongodzipereka. Nanga bwanji kudzipereka kumalalikidwa kwa mayi wosauka yekha? Kudzipereka ndi mphatso imene munthu amapereka mwa ufulu wake. Boma likakonza ndondomeko yake yonse podalira kuti amphawi adzagwira ntchito yaulere mpaka kalekale, kumeneko ndi kudyera masuku pamutu.

14. Chifukwa chachinayi n'chakuti abwenzi akunja ndi mabungwe akuthandiza kale. N'zoona. UNICEF yakhala ikuthandiza malowa kuyambira pachiyambi, bungwe la Mary's Meals, limene lidayambira kuno mu 2002, limaphikira ana phala, ndipo mu 2018 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza ndalama zokwana madola 60 miliyoni zothandizira ana aang'ono m'maboma 13. Tikuwathokoza onsewa. Koma dziko lathu lili ndi maboma 28, ndipo polojekiti iliyonse imakhala ndi tsiku lake lothera. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Dziko lodziimira palokha silingasiye ana ake kuti aleredwe ndi chifundo cha alendo.

15. Anansi athu, amene nawonso si olemera, adayamba kale kuyenda. Ku Zimbabwe boma lidalamula mu 2004 kuti sukulu za pulayimale zitsegule makalasi a ana aang'ono. Ku Zambia boma lidalemba ntchito aphunzitsi 1,000 a ana aang'ono mu 2013 ndipo lidawatumiza m'makalasi a pa sukulu za pulayimale. Ku Ghana zaka ziwiri za sukulu ya mkaka ndi gawo la maphunziro aulere. Mavuto akadalipo m'maiko onsewa, koma kumeneko mfundo idavomerezeka yakuti mwana wamng'ono ndi udindo wa boma.

KUUNIKA KWA CHIKHULUPIRIRO CHATHU

16. Pamene anthu adabwera ndi ana awo kwa Ambuye Yesu, ophunzira ake adawaletsa, poganiza kuti Mphunzitsi ali ndi zinthu zofunika kuposa tiana. Mthenga Wabwino umatiuza kuti Yesu adapsa mtima, adawalandira anawo ndi kuwadalitsa (Marko 10:13-16). Tsiku lina, atafunsidwa za amene ali wamkulu, adaimika mwana pakati pawo (Mateyo 18:1-5). Buku la Eksodo limasunga maina a azamba awiri, Sifira ndi Puwa, amene adateteza makanda pamene mfumu idalamula kuti aphedwe, koma dzina la mfumuyo silitchulidwa (Eksodo 1:15-21). Alezi athu ndi alongo a azamba amenewa. Ndipo Yakobe Woyera amachenjeza kuti malipiro amene antchito amanidwa amafuula mpaka kumveka kwa Mulungu (Yakobe 5:4). Kuyambira pa kalata ya Papa Leo XIII ya mu 1891, Mpingo wakhala ukuphunzitsa kuti wantchito ayenera kulandira malipiro omukwanira iye ndi banja lake.

17. Pa 8 Malichi 1992 Maepiskopi athu adalankhula molimba mtima, ndipo pakati pa zimene adadandaula padali kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Demokalase imene idabadwa pambuyo pake idalonjeza kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo ziyenera kutumikira anthu. Ulamuliro wabwino umaoneka pa momwe dziko likusamalira anthu amene alibe mphamvu zobwezera zabwino kapena zolanga atsogoleri pa chisankho. Ana aang'ono ndiwo oyamba pa gulu limeneli.

ZIMENE TIKUPEMPHA

18. Kwa Boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo tikupempha izi:

(a) Pakhale lamulo lopatsa mwana aliyense chaka chimodzi chaulere chokonzekera Sitandade 1, ndipo lamulolo linene momveka unduna umene udzayankhe zinthu zikapanda kuyenda.

(b) Ndalama za mmera mpoyamba zochokera m'misonkho yathu zizioneka pazokha mu ndondomeko ya zachuma, zizikwera chaka ndi chaka, ndipo zizifika ku makhonsolo nthawi yake.

(c) Alezi aphunzitsidwe mokwanira, apatsidwe masatifiketi ovomerezeka ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Amene atumikira kwa zaka zambiri akhale oyamba kupatsidwa mwayi, asakankhidwire kumbali pamene malipiro ayamba.

(d) Phala lisamasowe m'miyezi ya njala, ndipo alangizi a zaumoyo aziyendera malowa kukayeza ana sikelo ndi kupereka katemera.

(e) Ana olumala, amene nthawi zambiri amabisidwa m'nyumba, alandiridwe pamodzi ndi anzawo.

(f) Sukulu za mkaka zolipira ziziyenderedwa, kuti ana asamasungidwe m'malo oika moyo wawo pachiswe.

19. Kwa makhonsolo, makhansala ndi mafumu: kuyambira 1998 malamulo adapereka mphamvu zambiri za chitukuko ku maboma aang'ono, ndipo kuyambira 2006 dera lililonse la phungu limalandira ndalama za CDF. Tikupempha kuti makomiti a VDC ndi ADC aziika sukulu za mmera mpoyamba m'mapulani awo. Mafumu athu olemekezeka, perekani malo omangapo sukuluzi ndi minda ya phala, ndipo malowo alembedwe kuti munthu asadzawalande mawa.

20. Kwa makolo: mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tumizani ana kusukuluzi, sonkhani chimanga, soya ndi mtedza pa nthawi yokolola, ndipo lemekezani alezi. Inu abambo, kucheza ndi mwana, kumufotokozera nthano ndi kumuperekeza kusukulu ndi ntchito yanunso. Musafulumire kukankhira mwana wa zaka 4 ku Sitandade 1, ndiponso musamusunge pakhomo zaka 6 zikakwana.

21. Kwa ansembe, asisteri, makatekisti, mabungwe a amayi, a abambo ndi a achinyamata: maholo ndi nyumba zopemphereramo zimene zimakhala zotseka pakati pa sabata zitsegulidwe kwa ana onse a m'dera, posayang'ana mpingo kapena chipembedzo cha makolo awo. Sukulu za mkaka za m'maparishi zisunge malo a ana amasiye ndi a mabanja osauka. Pochita izi tikuthandiza boma pa udindo wake, ndipo tipitiriza kulikumbutsa kuti udindowo ndi wake.

22. Kwa inu nonse monga nzika: phungu kapena khansala akabwera kudzachititsa msonkhano, mufunseni kuti m'dera lake muli sukulu za mmera mpoyamba zingati, alezi angati akulandira malipiro, ndipo ndi ndalama zingati za chitukuko zimene zapita kumeneko. Lembani mayankho ake ndipo mudzamukumbutse. Ana sangavote, koma makolo awo, agogo awo ndi alezi awo amavota.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

23. Kodi m'dera la mphakati wathu muli ana angati a zaka 3 mpaka 5 amene sapita ku sukulu ya mmera mpoyamba, ndipo chikuwalepheretsa n'chiyani? Kodi alezi athu timawadziwa maina, ndipo amadya chiyani kwawo? Ndi ofesi iti kapena mtsogoleri uti amene tikamuone, ndipo tipita liti?

MAU OMALIZA

24. Mwana amene ali ndi zaka 4 lero adzakhala ndi zaka zoposa 40 mu 2063, chaka chimene tikuti dziko lathu lidzakhale lotukuka ndi lodzidalira. Iyeyo ndiye adzakhale mphunzitsi, namwino, mlimi ndi mtsogoleri wa nthawi imeneyo. Zaka zimene akutaya tsopano sizidzabwereranso, ngakhale boma litadzapeza ndalama mtsogolo. N'chifukwa chake tikuti nkhaniyi isadikire chisankho china kapena polojekiti ina.

Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, amene adalera Mwana Yesu ku Nazarete, atipempherere. Mulungu adalitse ana athu, alimbitse alezi awo, ndipo apatse atsogoleri athu mtima wachilungamo.

Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse ndipo ikambidwe m'miphakati yonse.

Ife abale ndi alongo anu mwa Khristu,

Mamembala a bungwe la Mpingo loona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino